Kukonza Nyumba Yamalonda M'nyengo Yoyoyoka Masamba

Ophunzira amene adamvetsera bwino phunziro la jogalafe akudziwa kuti dziko la Britain lili ndi nyengo zinayi pa chaka. Imodzi mwa izo, imene eni dziko amaitcha autumn, imayamba mu Seputembala ndi kutha mu Novembala. M'nyengo imeneyi masamba a mitengo amafiira kenaka nkuyoyoka, mvula yamvumbi imagwa masiku otsatizana, ndipo dzuwa limanka lilowa msanga tsiku ndi tsiku. Ndi nyengonso imene malonda a nyumba amadzuka m'mizinda ya London, Manchester, Leeds ndi ina yotero, pakuti tchuthi cha chilimwe chimakhala chatha, ana abwerera kusukulu, ndipo ogula ambiri amafunitsitsa kumvana za mtengo Khirisimasi isanafike.

Mwini nyumba wofuna kugulitsa panthawi yotere amalandira malangizo ochuluka kuchokera kwa abale, anansi ndi amalonda. Malangizowo ali pawiri. Ena amathandiza nyumba kuoneka monga ilili ikasamalidwa bwino, pamene ena amangophimba matenda ake kwa kanthawi kochepa kamene mlendo ali m'katimo. Oyambawo ndi ntchito ya munthu waulemu wake. Achiwiriwo ndi chinyengo, ndipo chinyengo chotere chimatsata mwini wake ngakhale atasamukira kutali. Wogulitsa wanzeru ayenera kudziwa pamene pali malire a ziwirizi.

Nkofunika kudziwa kaye m'mene malondawa amayendera ku England. Mwini nyumba amapita kwa mkhalapakati wa malonda a nyumba, amene amabwera kudzaiona, kuitchula mtengo, kuijambula zithunzi ndi kuilengeza pa intaneti, makamaka pa Rightmove kapena Zoopla. Wokopeka ndi zithunzizo amapempha tsiku lodzaona ndi maso ake. Ulendo wotere sutenga nthawi yaitali: mlendo amalowa pakhomo, kusuzumira m'zipinda, kuima pang'ono m'khitchini, kutulukira kuseri, basi watsanzika. Akakhutira amatchula mtengo wake. Komatu ngakhale awiriwo amvane, lamulo la ku England ndi Wales silimanga aliyense kufikira tsiku limene maloya a mbali ziwirizo asinthana mapepala a mgwirizano. Tsiku limenelo lisanafike pamapita masabata ambiri, kawirikawiri miyezi, ndipo m'nthawi imeneyo wogula amatuma katswiri woyeza nyumba, banki yobwereketsa ndalama imafuna kutsimikiza mtengo, ndipo loya amatumiza mafunso olembedwa. Wokonza nyumba poganizira ulendo wa mphindi zochepa uja, naiwala miyezi yotsatirayi, wawerengera molakwa.

Ntchito yoona imayambira kunja, ndipo yoyamba ndiyo ya ngalande za m'mphepete mwa denga. Mitengo ya oak ndi sycamore, yochuluka m'misewu ya dzikolo, imathira masamba ake padenga, mvula nkuwakokolera m'ngalandemo. Zikatsekeka, madzi amasefukira ndi kutsetsereka pakhoma. Pafupifupi nyumba imodzi mwa zisanu zilizonse ku England idamangidwa chaka cha 1919 chisanafike, ndipo zambiri mwa nyumba zakalezi zili ndi makoma a njerwa opanda mpata pakati, kotero kuti madzi akanyowetsa kunja kwa nthawi yaitali, chinyontho chimatulukira m'chipinda. Kuchotsa masambawo ndi ntchito ya m'mawa umodzi, yongofuna makwerero, ndowa ndi munthu wogwirira pansi. Woizengereza amadzalipira mmisiri wokonza pulasitala ndi wopaka penti. Zengerezu adalinda kwawukwawu.

Chimodzimodzi ndi njira yochokera pachipata kufika pakhomo. Masamba onyowa amaterera ngati therere, ndipo mlendo amene wazandima asanagogode amalowa m'nyumba mtima utachoka kale. Njirayo isesedwe m'mawa wa tsiku lomwelo, pakuti kusesa kwa dzulo mphepo ya usiku yakufafaniza. Kapinga atchetchedwe komaliza chisanu chisanalimbe, maluwa ouma adulidwe, migolo ya zinyalala iikidwe pamalo pake, ndipo nyali ya pakhomo ikhale yoyaka. Pali funso la zithunzi. Ambiri amajambulitsa bwalo lawo mu Juni maluwa ali ngwee, nkudzalengeza nyumbayo mu Okutobala. Palibe cholakwa kusonyeza wogula m'mene bwalolo limakongolera m'chilimwe, malinga auzidwe mwezi umene chithunzicho chidajambulidwa, ndipo pakhalenso china cha masiku ano. Munthu amene wayenda ulendo wautali pa sitima chifukwa cha chithunzi, napeza matope ndi nthambi zopanda masamba, amayamba kukayika ndi zina zonse zimene wauzidwa.

Chachiwiri ndi kuwala. Mu Juni dzuwa la ku London limalowa itapitirira 9 koloko madzulo. Pa Sabata lomaliza la Okutobala mawotchi onse a dzikolo amabwezedwa m'mbuyo ndi ola limodzi, ndipo kuyambira pamenepo dzuwa limalowa 5 koloko isanakwane. Pofika kumapeto kwa Novembala limalowa cha m'ma 4 koloko. Tsono wogula amene akubwera ataweruka kuntchito amapeza kunja kuli bii. Mwini nyumba asambitse mazenera kunja ndi m'kati, akankhire makatani kumbali, adule nthambi zotchinga, ndi kusintha mababu onse othima. Koposa izi, apemphe mkhalapakati kuti alendo azibwera masana, makamaka Loweruka. Alipo eni nyumba amene amakondwera ndi mdima chifukwa umabisa denga lophwasuka ndi mng'alu wa pakhoma. Amenewo aiwala kuti katswiri woyeza nyumba sayenda usiku.

Chachitatu ndi kutentha. Nyumba zambiri za ku Britain zimatenthedwa ndi makina otchedwa boiler, amene amawiritsa madzi ndi gasi ndi kuwatumiza m'mapaipi kuzipinda zonse. Makinawa satenthetsa zipinda chilimwe chonse, ndipo zolakwika zake zimaoneka pamene ayatsidwa koyamba mu Okutobala. Nkwanzeru kuitana mmisiri alendo asanayambe kubwera, ndipo lamulo limafuna kuti wogwira ntchito ya gasi akhale wolembedwa m'kaundula wa Gas Safe Register, amene adayamba mu 2009. Akuluakulu a zaumoyo a dzikolo amalangiza kuti m'nyumba musazizire kutsika pa madigiri 18, ndipo mlendo ayenera kupeza kutentha kotere m'zipinda zonse, ndi chimene sichigonedwamo chomwe. Kalata ya mmisiriyo iikidwe patebulo pamodzi ndi mapepala ena: malisiti a denga ngati lidakonzedwa, zilolezo za khonsolo ngati chipinda chidawonjezedwa, ndi chikalata cha EPC. Chikalata chimenechi, chimene chidayamba mu 2007, chimaika nyumba pa muyezo wa A kufika G monga mwa kasungidwe kake ka kutentha, ndipo chimagwira ntchito zaka 10. Kuyambira pamene mitengo ya gasi ndi magetsi idakwera kwambiri mu 2022, ogula amachiwerenga ndi diso lakuthwa. Wogulitsa amene atulutsa mabilu ake a nyengo yachisanu yapita asanafunsidwe wayankha funso limene mlendo amachita manyazi kulifunsa.

M'kati mwa nyumba, nyengoyi imabweretsa majasi, maambulera ndi nsapato zamatope zimene zimaunjikana pakhomo. Zonsezi zichotsedwe, pamodzi ndi katundu wosafunika wodzaza m'zipinda, kuti mlendo aone kukula kwenikweni kwa malo. Makapeti ayeretsedwe, mazenera atsekulidwe kwa kanthawi m'mawa kuti mpweya usinthe, ndipo zovala zisayanikidwe m'nyumba tsiku limenelo. Uku sikunyenga ayi. Ngakhale kumudzi, pabwalo pamasesedwa ndipo khonde limazirwa alendo a chinkhoswe akamabwera. Kuyeretsa ndi ulemu kwa mlendo.

Malire aja amaoneka pa nkhani ya chinyontho. Khoma likachita mabanga, kapena chuku chakuda chikamera m'ngodya ndi kuseri kwa kabati, mwini nyumba ali ndi njira ziwiri. Yoyamba ndiyo kufunafuna gwero lake, kaya ndi ngalande yosweka, phale la padenga losuntha, paipi yodontha, kapena mpweya wa kubafa ndi kukhitchini wosowa potulukira, nkukonza gwerolo, kudikira khoma liume, ndipo pomaliza kupaka penti. Yachiwiri ndiyo kupaka penti madzulo a Lachisanu, kukankhira kabati pamalopo, kuyatsa makandulo onunkhira ndi kuphika khofi kuti fungo lake lidzaze nyumba. Penti ndi yemweyo, burashi ndi yomweyo, koma woyambayo wachiza ndipo wachiwiriyo wabisa. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Katswiri woyeza nyumba amayenda ndi kachida koyezera chinyontho, ndipo khoma limodzi lopakidwa chatsopano m'chipinda chimene makoma ena ndi akale limamuitana lokha.

Wina asayese kuti chuku ndi nkhani ya maonekedwe chabe. Mu Disembala 2020 mwana wa zaka ziwiri adamwalira ku Rochdale, pafupi ndi Manchester, ndipo mu Novembala 2022 wofufuza za imfa adagamula kuti chidamupha ndi matenda a m'chifuwa obwera chifukwa chopuma chuku kwa nthawi yaitali m'nyumba imene makolo ake ankachita lendi. Nyumbayo siinali yamalonda, koma phunziro lake likhudza wogulitsa aliyense. Chipinda chimene akuchiphimba ndi penti lero, mwina ndicho chimene wogula adzagonekamo khanda lake mu Januwale.

Kubwalo kuli yeso lina, lochokera ku chomera chotchedwa Japanese knotweed. Chomerachi chidafika ku Europe m'zaka za m'ma 1800 kudzera mwa dokotala wa ku Germany, Philipp Franz von Siebold, ndipo mu 1850 chidafika kumunda wotchuka wa Kew ku London monga chokongoletsa. Chidafalikira koopsa, kotero kuti lamulo la 1981 lidaletsa kuchimeretsa m'tchire. M'chilimwe chimatalika kuposa munthu, koma m'nyengo yoyoyoka masamba chimafota, nkusiya mapesi ouma onga a bango, pamene mizu yake ili moyo pansi kudikira chaka chamawa. Kusadza mapesiwo ndi kuthirapo dothi ndi ntchito ya ola limodzi, ndipo mlendo wa mu Novembala sangadziwe kanthu. Mabanki ambiri amazengereza kupereka ngongole pa nyumba yokhala ndi chomerachi pokhapokha patakhala dongosolo la akatswiri lochiphera, ndipo ichi ndicho chimakopa ena kuti achibise.

Komatu loya wa wogula amalandira kuchokera kwa loya wa wogulitsa fomu yotchedwa TA6, yokonzedwa ndi bungwe la maloya la Law Society, imene wogulitsa amayankha ndi kusaina. Fomuyo imafunsa za malire, za mikangano ndi anansi, za kusefukira kwa madzi, ndi za chomera chomwechi. Lamulo la Misrepresentation Act la 1967 limapatsa wogula mphamvu yosumira amene adamuuza zabodza. Mu 2023 bwalo la milandu la ku London lidaweruza nkhani ya nyumba ina ya ku Raynes Park, yogulidwa mu 2018 pa mtengo wa mapaundi pafupifupi 700,000. Wogulitsa adayankha kuti ayi pa funso la chomeracho, pamene fomuyo idali ndi malo oyankhapo kuti sakudziwa. Wogula atachipeza m'bwalo adasuma, ndipo woweruza adalamula wogulitsayo kulipira mapaundi 32,000 a chipukutamisozi, kuwonjezapo ndalama za maloya zimene zidaposa pamenepo kutalitali. Liwu limodzi lolembedwa pafomu lidamutsata zaka zisanu.

Nkhani ya madzi osefukira ili chimodzimodzi. Mu Okutobala 2023 namondwe wotchedwa Babet adamiza nyumba zambiri ku Brechin m'dziko la Scotland ndi ku Chesterfield m'dziko la England. Mwini nyumba imene madzi adalowamo angathe kusintha kapeti ndi kupaka makoma, ndipo ayeneradi kutero, koma sangafafanize mbiriyo. Bungwe la boma la Environment Agency lili ndi mapu osonyeza madera a chiopsezo, amene aliyense angawaone pa intaneti popanda kulipira, ndipo mnansi wa mpanda umodzi amene adathandiza kukapa madziwo sadalumbire kuti adzakhala chete.

Alipo otsutsa, ndipo mawu awo ngoyenera kuwamva. Iwo amati mwambo wakale wa malamulo a ku England umati wogula achenjere yekha. Ali ndi maso, ali ndi katswiri wake, ndipo wogulitsa sadalembedwe ntchito yonyoza katundu wake. Amatinso ambiri ogulitsa m'nyengo imeneyi sagulitsa mwa kufuna: wina ntchito yamuthera, wina banja latha, wina akugulitsa nyumba ya kholo lomwalira kuti alipire ngongole, ndipo mapaundi masauzande angapo ochotsedwa pamtengo ndiwo amene akadagulira pokhala pena. Munthu wotere kumuuza kuti aloze yekha banga la pakhoma kuli ngati kumuuza kuti adzibaye.

Nzoona kuti lamulo silikakamiza wogulitsa kuyenda ndi mlendo akutchula chilema chilichonse. Koma kukhala chete ndi kwina, kuphimba dala ndi kwina, ndipo kulemba bodza pafomu ndi kwinanso. Ngakhale mkhalapakati ali womangika: kuyambira mu 2008 malamulo oteteza ogula amamuletsa kubisa mfundo yofunika imene akuidziwa, ndipo lamulo latsopano la 2024 lidasunga chiletso chomwecho. Kuwonjezera apo, wosauka uja ndiye amene chinyengo chimamupweteka koposa. Popeza palibe womangika mapepala asanasinthanidwe, wogula amene katswiri wake wavumbula chinyontho chobisika mu Disembala angathe kutsitsa mtengo kwambiri kapena kungochoka. Pamenepo wogulitsa wataya miyezi iwiri kapena itatu, walipira kale loya, nyumba imene iye ankafuna kugula yamupulumuka, ndipo yake yabwerera pamsika m'kati mwa chisanu, ogula atachepa ndipo otsalawo akufunsana chimene chidathawitsa woyamba uja. Chilema chonenedwa tsiku loyamba chimangotsitsa mtengo monga mwa kukula kwake, pamene chovumbulidwa ndi wina chimachititsa wogula kukayika nyumba yonse kuyambira padenga kufika pamaziko.

Dziko la Scotland lidaona msanga vuto limeneli. Kuyambira mu Disembala 2008, wogulitsa kumeneko ayenera kukhala ndi chikalata chotchedwa Home Report nyumba isanalengezedwe, ndipo m'katimo muli lipoti la katswiri woyeza nyumba limene wofuna kugula angaliwerenge asanatchule mtengo. Malonda a nyumba sadaime ku Glasgow kapena ku Edinburgh chifukwa cha lamulo limeneli. Wogulitsa wa ku England, ngakhale lamulo silimukakamiza, palibe chomuletsa kutengera chitsanzocho.

Nanga amene ali ndi chilema chachikulu, ndalama zokonzera alibe, atani? Aitane amisiri awiri kapena atatu kuti alembe mtengo wa ntchitoyo, mapepalawo awaike patebulo, ndipo nyumba aitchule mtengo woganizira ntchito imeneyo. Ngati ndi chomera chija, ayambe dongosolo lochiphera ndi kampani yopereka chitsimikizo cholembedwa, pakuti ndicho mabanki amafuna kuona. Akatero alimbikire pa zabwino zimene nyumbayo ili nazo: kuyandikira kwa sukulu, siteshoni ya sitima, bwalo loyang'ana kumwera kumene dzuwa la kumeneko limadzera, anansi amtendere. Ukaipa dziwa nyimbo. Ogula ambiri saopa nyumba yofuna kukonza, malinga adziwe mtengo wake asanalowe m'ngongole ya zaka 25.

Nkhaniyi siili kutali ndi Amalawi monga ena angaganizire. Anamwino ndi antchito ena ochuluka amene adapita ku Britain kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 adagula nyumba kumeneko, ndipo ena mwa iwo tsopano akugulitsa kuti apeze yokulirapo kapena kuti abwerere kwawo. Iwo akudziwa kuchokera ku ubwana kuti denga limayesedwa ndi mvula, ndipo wogula nyumba ku Ndirande kapena ku Area 25 mu Ogasiti amadzadziwa chimene wagula mu Januwale. Ku Britain, miyezi ya Okutobala ndi Novembala ndiyo imagwira ntchito imeneyo. Wogula wochenjera amakondwera kuona nyumba tsiku lamvula, chifukwa tsiku lotere ngalande, makoma ndi mazenera zimaonetsa khalidwe lake lenileni. Wogulitsa amene wakonza m'malo mobisa alibe chifukwa choopera tsiku limenelo, ndipo mlendo akapempha kusuntha kabati kuti aone kuseri kwake, iye ndiye amayamba kugwira mbali imodzi.

Aphunzitsi amene amaphunzitsa achinyamata zamalonda angapeze m'nkhaniyi chitsanzo chomveka. Wogulitsa ali ndi ufulu wonse wosesa, kuyeretsa, kuwalitsa ndi kutenthetsa katundu wake kuti akome pamaso pa wogula. Ufulu umenewo umathera pamene burashi yagwiritsidwa ntchito yotseka maso a munthu amene akuika m'nyumbamo thukuta la moyo wake wonse. Muyezo wake ngwapafupi: ntchito iliyonse imene mwini nyumba waichita pokonzekera alendo ikhale yoti angathe kuifotokoza kwa wogula, wogulayo ali chiimire pomwepo, popanda kuzyolika.